Anapiye M'chipinda cha a Kalipentala

"Tulani bediyo pansi, bambo a mapasa! Ndati tulani!"

"Iwe gwira mwendo uwo, usandichedwetse. Galimoto ya anapiye ili m'njira. Ukufuna itipeze tikukangana?"

Bedi inali itakakamira pakhomo, theka m'chipinda, theka kunja. Make mapasa anaima kutsogolo kwake manja ali m'chiuno. Tsidya linalo kunali mwamuna wake, thukuta lili kamukamu, uja anthu ankamutcha Mapulani chifukwa m'mutu mwake simunkasowa bizinesi yatsopano. Eni ake bediyo, a Kalipentala, bambo ake a Mapulani, anali atakhala pakhonde chipewa chili pabondo, ngati nkhaniyo ndi ya kwa aneba.

"Dzulo tinagwirizana kuti anapiye akakhala kushedi," anatero make mapasa.

"Dzulo ndi dzulo. Kushedi kuja mphepo imalowa ngati kwawo. Mwanapiye akangomva kuzizira, basi, miyendo m'mwamba. Koma chipinda chino, taona! Siling'i ilipo, magetsi alipo, chitseko chimatseka bwinobwino, ngakhale khoswe sapeza polowera."

"Ndiye mphepo yopha anapiyeyo, Bambo ikawalambalala?"

"Bambo ali ndi bulangete. Unamuonapo mwanapiye atafunda bulangete?"

"Musandiseketse, nkhaniyi si yoseketsa. Anthu akamva atiyesa chiyani?"

"Anthu? Anthu adzabwera kudzagula nkhuku. Tamvera, make mapasa, ndi kanthawi chabe, mpaka anapiye amere nthenga. Akangomera, iwo kushedi, Bambo kuchipinda kwawo. Walira mvula walira matope." Kenako anakweza mawu kuloza pakhonde. "Madala! Kodi m'shedi muja si mmene munapaliramo matabwa moyo wanu wonse? Kukagonamo pang'ono pali vuto?"

A Kalipentala anatembenuza chipewa chawo. "Palibe vuto, mwana wanga. Fungo la utuchi ndinalizolowera."

"Wamva? Eni ake avomera. Iwe ukuvutikiranji?"

Make mapasa anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma panja panamveka hutala. Pipiii! Mapulani anadumpha bedi ija ngati mnyamata n'kuthamangira kumsewu. Mkazi wake anayang'ana apongozi ake, nayang'ana galimoto, mapazi ake n'kusankha okha kolowera.

Atatsegula katoni yoyamba, mkwiyo wonse unasungunuka. Tinthu tachikasu, tofewa ngati thonje, tikupondana, tikulira tonse nthawi imodzi. Anatola kamodzi, kamtima kake kakugunda pachikhatho. Aneba anadzaza pabwalo, wina kufunsa mtengo, wina kusungitsiratu nkhuku ya pa chikondwerero cha mwana wake. Mapulani anali ponseponse, kuwaza utuchi pansi, kukoleza mbaula, kupachika babu, kwinaku pakamwa pasakupuma.

"Gulu ili likatuluka, njinga yamoto! Lachiwiri, fuliji! Lachitatu, make mapasa, makina ako osokera aja, amagetsi, osati opalasa ndi mwendo ngati ukuthawa galu!"

Make mapasa anaseka mpaka misozi. Makina amenewo anali atawalota kuyambira kale. Ndi iye amene anagwira mwendo wa bedi n'kuitulutsa. Ndi iyenso amene anazindikira, dzuwa lili pamutu, kuti tiyi wa apongozi ake wazizirira pawindo osaperekedwa.

Anapiye anakula ngati akuthamangitsidwa. M'mawa uliwonse make mapasa ankatsuka zomwera, kusefa utuchi wonyowa, kuwonjezera makala, akuimba. Shedi inali kuseri kwa nyumba, ya malata okhaokha, ndipo pakati pa khoma ndi denga panali mpata woti mphaka n'kudutsa osawerama. Bedi anaiika pafupi ndi benchi yakale yopalirapo matabwa. Nyengo inali yozizira. Bulangete lachiwiri la a Kalipentala linapita kukatchinga zenera la anapiye. Mbaula yomwe ankaothera inapitanso komweko. Kenako a Kalipentala anayamba kutsokomola.

"Madala, chifuwa chanucho mupatsira nkhuku," anatero Mapulani tsiku lina atawapeza pabalaza. "Matenda amalowa ndi mapazi a anthu. Muziyamba mwadyera kushedi komweko."

"Bambo a mapasa, chifuwa cha munthu chimagwira nkhuku?"

"Ukufuna tiyesere pa nkhuku zathu?"

Make mapasa anayamba kupititsa mbale kushedi.

M'mawa wina a Kalipentala anadzuka kuzizira kutawalowa m'mafupa, nakumbukira jekete lawo lomwe linatsala pamsomali kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo. Analowa mwakachetechete, nalitenga, koma potuluka chitseko sanachikokere bwino. Mphaka wa aneba sanachedwe. Make mapasa anamva phokoso ali kumpopi. Pofika anapeza anapiye angapo ali gone pa utuchi, mwamuna wake atawagwira bambo ake padzanja, akuwakoka kudutsa pabwalo.

"Mukufuna kundigwetsa! Mwakalamba, zanu munadya kale, tsopano mukufuna ine ndife wosauka!"

"Ndimangofuna jekete, mwana wanga."

"Asiyeni! Bambo a mapasa, asiyeni, mukuwapweteka!"

Mapulani anawakankhira m'shedi. A Kalipentala anadzandira n'kukagwira benchi. Tsiku lomwelo Mapulani anakhoma chitsulo pachitseko cha shedi, napachikapo loko, naika chidebe pakona. Kiyi anapatsa mkazi wake.

"Uziwatsegulira pokapereka chakudya. Ndikuwateteza iwo omwe, tsiku lina adzagwera pa mbaula."

Kiyiyo make mapasa anaimangirira pa ngodya ya nsalu yake. Inali kachitsulo kochepa, koma poyenda inkamugunda pantchafu ngati mwala.

Anapiye atayamba kusanduka oyera, kunabwera alangizi a ziweto kudzapereka katemera. Anali mayi wansangala, wovala majombo, woyenda pa njinga yamoto. Mapulani anali atapita kukasaka misika. Alangiziwo anaviika majombo awo m'madzi a mankhwala pakhomo, nalowa, naomba m'manja.

"Eee, mayi! Izi ndiye nkhuku! Ndayenda m'makola ambiri, koma lotentha bwino chonchi sindinalione. Ndikanakhala nkhuku ndikanapempha malo."

Make mapasa anasekerera, mtima uli dyokodyoko. Akusungunula katemera m'madzi, kuseri kunamveka kutsokomola kwakutali, kokoka, kotha ndi kubuula.

Alangizi anaimitsa dzanja. "Ndani ameneyo?"

"Ndi apongozi anga. Kachifuwa chabe."

"Kachifuwa? Nkhuku ikanatsokomola choncho bwenzi mutandiimbira foni kalekale. Ali kuti ndiwapatse moni?"

"Akupuma."

Koma alangizi anali atatuluka kale, akutsata mawuwo. Anaima pakhomo pa shedi, nayang'ana loko, nayang'ana mpata wa kudenga, kenako nayang'ana kiyi yolendewera pa nsalu. Make mapasa anafuna nthaka itang'ambika.

"Chipinda chomwe muli nkhukucho n'cha ndani?"

"N'chawo. Koma ndi kanthawi chabe, mpaka zimere nthenga."

"Mayi, ine ntchito yanga ndi ya ziweto, za m'banja mwanu sindilowerera. Koma ndili ndi maso. Izi dzina lake ndi nkhanza."

"Ayi, sitiwamana chakudya! Ndimawaphikira ndekha, ndimawachapira."

"Nkhanza si kumenya kokha kapena kumana chakudya. Kumutsekera munthu wamkulu, kumulanda pogona, kumusiya akudwala osapita naye kuchipatala, kumulankhula ngati chinyalala, zonsezo ndi nkhanza. Ndipo zambiri zimachitika chonchi, m'nyumba za anthu abwinobwino, otanganidwa."

Make mapasa anakhala pa njerwa. "Nanga ine ndingatani? Mwana wawo ndi amuna anga. Ine ndine wobwera."

"Choyamba, chipatala, chifukwa chifuwa chimenecho sichidikira. Chachiwiri, kuli ofesi ya zachisamaliro cha anthu, kuseri kwa msika waukulu. Nkhani za okalamba ndi ntchito yawo. Kupolisinso kuli nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Sikuti mpaka wozunzidwayo apite yekha ayi. Aliyense amene waona akhoza kukanena, ngakhale neba, ngakhale ine."

"Akawamanga amuna anga?"

"Sindikunamizani, zimatengera zimene apeza. Kawirikawiri amayamba n'kukambirana. Koma funsani mtima wanu kuti choopsa n'chiti, amuna anu kufunsidwa mafunso, kapena inu kudzatsegula loko uyu tsiku lina n'kupeza mulibe wokuyankhani." Anakwera njinga yawo, naliza injini. "Ndidzabweranso kudzapereka katemera wachiwiri. Ndikadzapeza lokoyu alipobe, ndidzapita ndekha. Chaona mnzako chapita, mayi. Tonsefe tikulowera komweko."

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, Mapulani anatulukira akuvina kuyambira kumsewu.

"Make mapasa! Make mapasa, tuluka undione! Mwini malo odyera aja pafupi ndi siteji watenga zonse! Zonse, ngakhale yopunduka mwendo ija! Ndipo akuti azifuna mwezi ndi mwezi. Ndaitanitsa kale gulu lachiwiri, lifika sabata yamawa!"

Anamunyamula m'chiuno n'kumuzungulitsa. Make mapasa anaseka asakufuna, koma atatsika pansi anafunsa, "Gulu lachiwirilo likagona kuti?"

"Funso lanji limenelo? Zazikuluzi tizisamutsira m'khola la waya lomwe ndimange pabwalo, tatsopanoto tilowe m'chipinda."

"Nthenga zamera, bambo a mapasa. Munalonjeza."

"Ndinalonjeza ndisanadziwe kuti mwayi ubwera chonchi. Mwayi sugogoda kawiri."

"Bambo akudwala. Mawa tipite nawo kuchipatala."

"Mawa ndikukagula waya. Ndawagulira mapiritsi pagolosale, awa. Tikagulitsa nkhuku ndidzawatengera kuchipatala cholipira, pa galimoto, ngati bwana."

"Zengerezu analinda kwawukwawu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anthuwa anakulerani ndi ntchito ya manja awo."

"Miyambi sigula chakudya cha nkhuku. Ndikuvutikira ndani ine? Si iwe ndi ana? Si iwo omwewo? Kapena makina aja sukuwafunanso?"

"Ndikuwafuna. Koma lero alangizi aona loko, ndipo akuti…"

Nkhope ya Mapulani inasintha. "Akuti chiyani? Tamvera bwino, mkazi iwe. Za m'nyumba muno zimathera m'nyumba muno. Tsiku lomwe udzazitulutse, nawenso udzatulukire limodzi."

Mawa lake, Mapulani atapita kukagula waya, mapasa atapita kusukulu, make mapasa anatsegula shedi atanyamula madzi otentha. Anapeza chakudya cha dzulo chili chomwecho. A Kalipentala anali khale pabedi, jekete atalikoka mpaka m'makutu, akupuma mofulumira ngati akwera phiri. Powapukuta manja anaona padzanja paja pali bala lakuda, zala zinayi za mwana wawo zitadindika.

"Bambo, tiyeni kuchipatala. Ndikuperekezani ndekha."

"Ayi, mayi. Adokotala akafunsa kuti apa panatani, ndikayankha chiyani? Ndikanene mwana wanga?"

"Mukanena zoona."

"Mwana uja si woipa. Wangotengeka. Ali wamng'ono ankagona pa benchi pomwepa ine ndikukhoma mipando, osalola kupita kwa amake." Anatsokomola mpaka misozi. "Musadzivute nane. Mtengo wakale ukagwa, tating'ono timapeza dzuwa."

"Musatero, Bambo!"

"Tsekani, mayi. Akakupezani mutatsegula, akukalipirani."

Make mapasa anatuluka, nagwira loko, koma dzanja linakana. Munthu akumupempha yekha kuti amutsekere! Anasiya chitseko chili pululu, navala nsapato, nauyamba ulendo wa kumsika. Ankayenda ngati akuthamanga. Kawiri konse anaima kufuna kubwerera. Banja lake, ana ake, makina ake, zonse zinkamukoka nsalu kumbuyo. Koma akakumbukira zala zija padzanja, miyendo inkapitirira yokha.

Ofesiyo inali kachipinda kamodzi, benchi panja, maluwa ofota m'chitini pawindo. Anamulandira bambo wina wamkulu thupi, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Make mapasa anayamba ndi kuzungulira, za neba wina, za banja lina, koma posakhalitsa zonse zinakhuthuka.

"Kiyi imakhala ndi ine, bambo. Ndine amene ndimatseka."

"Ndinunso amene mwabwera," anatero wazachisamaliroyo. "Ambiri amabwera maliro atachitika. Kodi akudya? Akupuma bwanji? Anamenyedwapo?" Anamvetsera mayankho onse osamudula. "Lero mnzanga watenga njinga ya ofesi, koma mawa m'mawa ndifika. Pakadali pano musawatsekerenso, apatseni chofunda china ndi madzi otentha. Mukaona kupuma kwafika poipa, musadikire ine kapena chilolezo cha munthu, thamangirani kuchipatala. Nanga inuyo, amuna anu akadziwa, muli pachiopsezo?"

"Sanandimenyepo. Koma anati adzandithamangitsa."

"Zikafika pamenepo, khomo lomwe mwalowerali ndi lanunso."

Tsiku lotsatira linayamba ndi chisokonezo. Wogulitsa anapiye anaimba foni kuti galimoto yapezeka msanga, gulu lachiwiri likubwera lero lomwe. Mapulani anali pabwalo ndi waya, hamala m'manja, misomali pakamwa, khola lisanathe n'theka lomwe. Galimoto inaima, makatoni akulira, aneba n'kuyamba kusonkhana. Nthawi yomweyo panafika njinga yamoto, natsikapo bambo wamkulu thupi uja.

Mapulani analavula misomali. "Kasitomala! Make mapasa, mpando! Takulandirani, bwana, mwafika pamalo pake. Musanakhale, bwerani muone kaye. Pondani m'mankhwalamo. Eya! Taonani nkhuku izi, zifuwa ngati mabokosi! Chinsinsi chake ndi chipinda. Siling'i iyo, babu usana ndi usiku, mbaula ziwiri, zenera lotchinga ndi bulangete. Muno mphepo siidziwamo njira. Chamoyo chikafunda, bwana, chimakula!"

"Mwanena zoona," anatero mlendoyo. "Chipinda chabwino kwambiri. Tsopano ndionetseni kumene kumagona bambo anu."

Woyendetsa galimoto anasiya kutsitsa makatoni.

"Ndinu ndani?"

"Ndachokera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Sindinabwere kudzamenyana nanu. Mukandikaniza ndibwerera, koma ndikabweranso ndi apolisi. Ndi bwino tithane tokha."

Mapulani anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mkazi wake. Make mapasa anamasula kiyi pa nsalu, naipereka kwa mlendoyo.

"Loko sindinatseke kuyambira dzulo," anatero. "Koma kiyi yake ndi imeneyi."

Onse analondolana kupita kuseri. Chitseko chitatseguka, fungo la chidebe linawalandira. A Kalipentala anaphimba maso chifukwa cha kuwala. Wazachisamaliro anavula chipewa, nagwada pafupi ndi bedi.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Kodi muno mumagona mwa kufuna kwanu?"

A Kalipentala anayang'ana mwana wawo, nayang'ana aneba osuzumira pakhomo. "Mwa kufuna kwanga. Ndimakonda kamphepo."

"Mwamva!" anafuula Mapulani. "Mwamva nonse! Nkhani yatha!"

Koma mlendoyo sanatekeseke.

"Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Tatipatsani mpata, ndicheze ndi bambowa awiriwiri. Aneba, zikomo, kaoneni anapiye kutsogoloko."

Chitseko chinatsekeka. Mapulani anamukokera mkazi wake pambali pa mpopi, mawu akutuluka m'mano.

"Wandivula pagulu. Ine kuthamanga usana wonse chifukwa cha iwe, iwe n'kukandigulitsa kuboma?"

"Ndinakupemphani kangati?"

"Ndi bambo ako kapena anga?"

"Ndi anu. N'chifukwa chake zikuchititsa manyazi kuti wokanena ndakhala ine."

"Pakamwa! Ndinakuuza chiyani? Lowa, longedza. Galimoto yomweyi ikakutule kwanu."

"Ndilongedza. Koma ndichoka ndikaona Bambo ali m'manja mwa adokotala."

"Uchoka pompano!"

"Achoka ndani?"

Mawuwo anali osasa, koma anamveka bwalo lonse. A Kalipentala anali ataima pakhomo pa shedi, dzanja limodzi paphewa la mlendo uja, maso ali ofiira ngati munthu amene wangolira kumene. Make mapasa anali asanawamvepo akukweza mawu chikwatiwire.

"Ndafunsa, achoka ndani? Iwe, nyumba iyi unamanga ndiwe? Chipinda chomwe ukutamandira alendocho, chitseko chake unapala ndiwe? Ndakhala chete kuopa kukuchititsa manyazi, ndimati ndikukukonda. Bambowa andifunsa funso limodzi. Akuti, mukafera muno, mwana wanuyo adzayenda bwanji pakati pa anthu? Ndiye ndaona kuti kukhala chete kwangaku sikukukuthandiza." Anapuma, chifuwa chikulira. "Ndikufuna chipinda changa. Ndikufuna kuchipatala. Ndipo mayi awa sapita kulikonse. Pakhomo pano wonena kuti uyu achoke ndine, ndipo sindinanene."

Hamala inagwa m'manja mwa Mapulani.

"Dzanja lawo ndaliona," anatero wazachisamaliro motsitsa. "Bala limenelo ndi mlandu, ndipo achipatala akalilemba. Bambo anu apempha kuti tiyambe takambirana, ndiye mudzabwera ku ofesi, inu ndi akazi anu. Kumeneko tikaonanso za mmene mungasamalire bambowa bizinesi osaima, chifukwa zonse ziwiri n'zotheka. Ine ndizibwera kuno osakuuzani tsiku. Ndikadzapezanso loko, sitidzakambirananso. Tamvana?"

Mapulani anagwedeza mutu, maso ali pansi.

"Adalaivala!" anaitana make mapasa, mawu akutuluka okha. "Tsitsani makatoni onse, muike pabalaza! Kutsogoloko kuli malo? Muwatengere Bambo kuchipatala!"

"Malo alipo, mayi! Akwere madala, lero ndine ambulansi!"

Pamenepo bwalo linadzuka. Mayi wina anathamangira m'nyumba kukachotsa bulangete pazenera, nalikung'untha, nawafunditsa a Kalipentala. Ena ananyamula makatoni. Wina anatsegula chipinda chija mofulumira, ndipo nkhuku zazikulu zinatuluka ngati ana oweruka kusukulu, zina kulowa pansi pa galimoto, zina m'dimba la aneba, ina n'kukwera pa njinga ya wazachisamaliro. Kunali kuthamangitsana, kukuwa, kuseka, nthenga zili mbuu. Pakati pa zonsezo Mapulani anangoima. Kenako anayenda, nawerama, nawanyamula bambo ake m'manja. Anadzidzimuka ndi kupepuka kwawo, make mapasa anaona nkhope yake. Anawakhazika kutsogolo, nakwera nawo.

Masana onse make mapasa anali m'chipinda chija. Aneba anamuthandiza kumaliza khola la waya n'kulowetsamo nkhuku, tianapiye tatsopano tili pabalaza ndi mbaula yake. Iye anawola utuchi, nakolopa, nakwecha makoma, natsegula zenera. Fungo linali lokanika. Ankakwecha akumvetsera kumsewu, osadziwa kuti amene abwereyo abwera ndi mawu otani.

Dzuwa litapendeka anamva mapazi. Mapulani anaima pakhomo, osaponda m'mankhwala, osalowa.

"Awagoneka," anatero. "Chibayo. Adokotala akuti tikanachedwa masiku ena awiri…"

Make mapasa sanadzutse mutu. Anapitiriza kukwecha pakona pomwe zitosi zinaumirira.

"Anandifunsa za dzanja, pamaso pa anamwino. Bambo anafuna kuyankha, ine n'kuwatsogolera. Ndanena ndekha."

Burashi inaima. Kenako Mapulani anavula nsapato, napinda buluku mpaka m'mawondo, nagwada pasimenti yonyowa pambali pa mkazi wake.

"Pamenepo sipachoka ndi burashi," anatero. "Tandipatsa mpeni, ndipale."